Sukulu ya mathiraki imene inanditulutsa ku keya: inakana ndalama zanga mpaka BP itatsika

Ndagwira ntchito ya keya kuno ku Manchester zaka 11. Kunyamula agogo kuwachotsa pabedi, kuwasambitsa, kuchezera usiku wonse, m'mawa n'kuthamangira basi maso ali psuu. Ntchitoyo sindiinyoza, yaphunzitsa ana anga awiri komanso inafolera malata nyumba ya mayi anga ku Balaka. Koma msana unayamba kukana. Pofika chaka cha 2023, ndili ndi zaka 46, ndinkati ndikawerama kumanga nsapato ndimayamba ndaganiza kaye modzukira mwake.

Za mathiraki zinali mumtima kuyambira kale. Amalume anga ankayendetsa thiraki yopita ku Beira kudzera pa Mwanza ndi Tete, ndipo akabwera ife ana tinkalimbirana kukwera kutsogolo kuti tingogwirako chiwongolero. Mu September 2021, pamene malo omwetsera mafuta anauma kuno ku UK chifukwa chosowa madalaivala, bungwe la Road Haulage Association likunena kuti akuperewera ndi 100,000, mtima unadumpha. Koma ndinadikira, chifukwa mapepala anga anali asanakhazikike. Mawu awa ndiyambe nawo kwa abale amene muli pa viza ya keya: viza imeneyo inakumangani pa ntchito imene bwana wanu anakuitanirani, ndiye musataye ndalama pa laisensi ya thiraki musanafunse bwino ngati mapepala anu akulolani kuigwiritsa ntchito. Komanso laisensi ya ku Malawi kuno sasintha monga amachitira ndi ya ku South Africa kapena Zimbabwe. Imagwira miyezi 12 basi, kenako umayesedwa mwatsopano. Ine ya galimoto yaing'ono ndinali nditaitenga kale kuno.

Sukulu imene ndikukambayi ili kumafakitale, kunja pang'ono kwa Manchester. Dzina ndilisunga chifukwa pali zina zimene ndikudandaula nazo. Ndisanaipeze ndinatsala pang'ono kugwa m'manja mwa madobadoba. Inde, kuno nakonso aliko, kungoti savala ngati a kwathu aja ozungulira pa maofesi atanyamula ma envelopu. A kuno ali ndi tsamba lokongola pa intaneti ndi mtsikana wa mawu okoma pa foni. Ndinangolemba nambala yanga madzulo, m'mawa mwake foni kulira kanayi. Akuti lipirani lero mtengo ukwera mawa, akuti ntchito ikukudikirani mukangomaliza. Nditafunsa kuti bwalo lanu lophunzitsira lili kuti ndibwere ndidzaone mathiraki, mtsikanayo anayamba kuzungulirazungulira. Alibe bwalo, alibe thiraki ngakhale imodzi. Amatenga ndalama zako, kudulapo zawo, n'kukugulitsa ku sukulu ina iliyonse imene ili ndi mpata, mwina kutali ndi kumene ukukhala. Kuyambira tsiku limenelo ndinati sindilipira munthu amene sindinamuone ndi maso pamodzi ndi thiraki yake.

Ndiye Loweruka lina ndinapita ndekha pa sukuluyi. Malo ake si okongola. Ofesi ndi kontena, pansi matope, mathiraki anayi ndi matirela atatu, ma koni atamwazika pabwalo. Ndinali nditatenga khadi la kubanki wokonzeka kulipira theka. Mayi wa mu ofesiyo, wachikulire ndithu, anandifunsa funso limodzi: kodi D4 mwachita? Ndinati ayi. Anakankhira kamakina kolipirira kumbali n'kunena kuti, bambo, pitani kaye kwa dokotala, ndalama zanu sizithawa ndipo ife sitisamuka. Anandipatsa mafomu awiri, D2 yopemphera laisensi yophunzirira ndi D4 imene dokotala amalemba, n'kundiuza tsiku limene dokotala wina amabwera pa hotela ina yapafupi kudzayeza madalaivala pa mapaundi 60. Kwa GP wanga, dokotala wa kuchipatala cha m'dera lathu, anali atandiuza mtengo woposa kawiri pamenepo.

Chinthu chimodzi chimenechi n'chimene chandichititsa kulemba zonsezi, chifukwa kwa dokotalako zinthu sizinayende.

Maso ndinakhoza bwinobwino ndi magalasi anga. Atafika pa BP, makina anaonetsa 184/104. Anandiuza ndipume, anayezanso, anayezanso kachitatu, sinatsike kwenikweni. Lamulo la DVLA, bungwe la boma lopereka malaisensi, kwa oyendetsa malole ndi mabasi ndi lakuti BP ikamakhala pa 180 kapena kuposa pa nambala yam'mwamba, kapena 100 kapena kuposa pa yam'munsi, suyendetsa. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti magazi anga amathamanga. Mutu ukamawawa ndinkati ndi tulo ta ma shifiti ausiku. Dokotalayo analankhula nane mwaulemu, anati fomu akhoza kulemba momwemo koma ku likulu la DVLA ku Swansea akaikana, bola ndipite kwa GP ndikathandizidwe ndidzabwerenso. GP anandiika pa amlodipine, piritsi limodzi m'mawa uliwonse, anandiuza ndichepetse mchere ndi nyama yootcha ya Loweruka ija. Patatha milungu 7 ndinabwerera, makina anati 138/86. Tangoganizani ndikanakhala kuti ndinalipira madobadoba aja mapaundi 3,000, tsiku loyamba maphunziro atandiikira kale.

Apa ndikhalitsepo, chifukwa anzanga ambiri amaopa nkhani ya mankhwala mpaka kufuna kubisa. Kumwa mankhwala a BP si mlandu ndipo sikukulepheretsa kupeza laisensi. Chimene akufuna n'chakuti BP ikhale yotsika ndipo mapiritsiwo asamakuzunguze mutu. Kubisa ndiye kumapweteketsa: ukapanda kuuza DVLA za matenda amene amakhudza kayendetsedwe kako akhoza kukulipiritsa mpaka mapaundi 1,000, ndipo ikachitika ngozi nkhani imakafika kukhoti.

Amene anandidzidzimutsa ndi mankhwala a msana. Ndinkamwa co-codamol pafupifupi tsiku lililonse, ngati mmene timamwera panado kwathu. Muli codeine mmenemo, ndipo codeine akalowa m'thupi ena amasanduka morphine. Kuyambira mu March 2015, ku England ndi Wales kuli lamulo loika malire a mankhwala ena m'magazi a dalaivala, ndipo pa mndandandawo si chamba ndi cocaine zokha. Palinso a kuchipatala monga morphine, diazepam, temazepam, lorazepam, clonazepam ndi methadone. Ngati anakulembera ndi dokotala, ukumwa monga anakuuzira, ndipo sakukusokoneza poyendetsa, lamulo limakuteteza. Koma akakupeza wolakwa amakulanda laisensi kosachepera chaka, ndipo mlanduwo umakhala pa laisensi zaka 11. Ndani angakupatse thiraki ya matani 44 ndi chipsera chimenecho? Ndinakambirana ndi GP, tinasiya co-codamol, ananditumiza ku fizio. Mphunzitsi wanga pa sukulupo anadzawonjezera kuti makampani ambiri amayeza malovu kapena mkodzo mwadzidzidzi, ndiye chilichonse chimene ukumwa uzinena poyamba ntchito, pepala la dokotala lizikhala m'chikwama.

Ndipo abale anga, chizolowezi chathu chija chotumizirana mapiritsi kuchokera kumudzi m'kapepala ka pulasitiki kopanda dzina la munthu, pa ntchito iyi n'choopsa. Wapolisi akakuimika sungamuuze kuti anandibweretsera ndi azakhali. Ngakhale piritoni amene, amene timangomeza tikamayetsemula, amagonetsa. Nyengo ya maluwa ikafika ndimafunsa ku famase mtundu wosagonetsa.

Mnzanga wina wa ku Mulanje amene tinayamba naye maganizo amenewa ali ndi shuga ndipo amadzibaya insulin. Iye ulendo wake unatalika kuposa wanga koma sanamukane. Laisensi yake amaikonzanso chaka chilichonse ataonedwa ndi dokotala wamkulu wa shuga, amayeza shuga pasanathe maola 2 asananyamuke komanso maola 2 alionse ali pamsewu, ndipo zoyezazo ziyenera kusungika kuti madokotala azione. Ngakhale amene shuga yawo ndi ya mapiritsi okha amayenera kuuza DVLA akafuna laisensi ya lole. Khunyu ndiye lamulo lake n'lolimba zedi: zaka 10 osagwa komanso osamwa mankhwala ake. Pa fomu ya D4 amafunsanso za matenda obanika kutulo, aja munthu amaliza mkonono kwambiri masana n'kumangosinza. Fomuyo ikalembedwa iyenera kufika ku DVLA pasanathe miyezi 4, ndipo kwa ife opitirira zaka 45 timabwereranso kwa dokotala zaka 5 zilizonse, ukafika 65 chaka ndi chaka. Zonsezi mayi wa mu kontena uja ankazidziwa pamtima.

Laisensi yophunzirira itabwera tinakhala pansi kusankha njira. Kale munthu ankayamba ndi C, imene madalaivala amati Class 2, lole ya thupi limodzi, kenako n'kudzakwera ku C+E, Class 1, thiraki yokoka tirela. Kuyambira pa 15 November 2021 analola kulumpha n'kupita ku C+E mwachindunji. Sukuluyi imaphunzitsa zonse ziwiri ndipo sanandikakamize. Anandikweza thiraki ola limodzi pabwalo kuti aone dzanja langa, ulere, kenako mphunzitsi anati ndikhoza kupita ku C+E koma nditenge masiku 7 osati 5. Ndinaganiza kuti akufuna ndalama zambiri. Pambuyo pake ndinaona kuti ngakhale 7 amenewo anali ochepa.

Panalinso njira ya ulere ya boma, Skills Bootcamp, ya milungu yofika 16. Ndinalembetsa, ndinadikira miyezi itatu osamva kanthu, msana ukupitirira kuwawa, ndinangoti ndilipira ndekha. Amene muli ndi nthawi yodikira fufuzani ngati ilipo kudera kwanu, chifukwa ndalama zake si zamasewera. Ine maphunziro a masiku 7 pamodzi ndi mayeso ake ndinalipira mapaundi 3,150, kuchokera ku chipereganyu chathu cha anthu 8.

Funso lina limene muyenera kufunsa sukulu iliyonse: thiraki yophunzirira ndi yotani? Ena amaphunzitsa C+E pa lole yokoka kangolo kumbuyo, imene kuno amati wagon and drag. Laisensi imatuluka yomweyo, koma ntchito zambiri ndi za artic, mutu ndi tirela yaitali, zonse pamodzi mamita 16.5, ndipo imakhota mosiyana. Sukuluyi imaphunzitsa pa artic yeniyeni. Magiya ndi a otomatiki, koma musadandaule: ngati laisensi yanu ya galimoto yaing'ono ndi ya magiya apamanja, ya thirakinso imatuluka yololeza zonse.

Mayeso olemba sukulu sinandithandize kwenikweni, anangondipatsa app ya pafoni. Ndinawerenga ndekha nthawi yopuma usiku agogo akagona. Mafunso 100 uyenera kukhoza 85, mavidiyo 19 oonera zoopsa pamsewu uyenera kupeza 67 pa 100, kenako gawo la CPC, satifiketi ya oyendetsa malole pa ntchito, la tinkhani 7 tofuna kuti uganize ngati dalaivala. Mitengo yake panthawiyo inali mapaundi 26, 11 ndi 23. Chingerezi chake chili ndi misampha, muziwerenga funso kawiri.

Tsopano mphunzitsi. Bambo wa zaka za m'ma 60, anayendetsa mathiraki opita ku France ndi Spain zaka zambiri asanayambe kuphunzitsa. Sakalipa, koma mawu amodzi amawabwereza mpaka uziwalota: galasi, galasi, galasi. Usananyamuke galasi, usanakhote galasi, wadutsa wanjinga galasi. Tsiku loyamba kubwerera m'mbuyo kunandisokoneza mutu, chifukwa ukapotoza chiwongolero kumanja tirela imathawira kumanzere. Ndinagwetsa ma koni mpaka thukuta kutsika m'msana mu November muli chisanu. Iye anatsika, anakatenga kathiraki kachidole mu ofesi, tinagwada pansi awiri, n'kumandionetsa ndi dzanja mmene mutu umakankhira tirela. Anati ndisiye kuyang'ana chiwongolero, ndiziyang'ana matayala a m'mbuyo a tirela, ndipo ndizikonza pang'onopang'ono isanapatuke kwambiri. Tsiku lachitatu inalowa yokha pakati pa ma koni, ndinamva ngati ndabadwanso.

Kulumikiza ndi kumasula tirela anandiphunzitsa ngati pemphero, ndondomeko yake osadumpha: buleki ya tirela poyamba, miyendo pansi, mapaipi a mpweya ndi nthambo za magetsi, kaloko kachitetezo, pomaliza kukoka chogwirira kuti chitsulo chimasuke. Polumikiza umabwerera chammbuyo ndondomeko yomweyo, ndipo umakoka kawiri kutsogolo kuti utsimikize kuti yagwira. Anandiuza za anthu amene anaphwanyidwa ndi tirela yoyenda yokha chifukwa choiwala buleki, ndipo nkhope yake sinali yoseka. Mayeso a gawo limeneli, 3a, amachitikira pabwalo pawo pomwepo ndi woyesa wovomerezeka, ndiye suchita mantha ndi malo achilendo. Ndinakhoza ulendo woyamba.

Pamsewu, 3b, ndinalephera. Amalola zolakwa zazing'ono zosapitirira 12, ine ndinali nazo 5 zokha, koma pa raundabauti ina yopanikiza tayala la m'mbuyo la tirela linakwera mwala wa m'mphepete, basi zathera pomwepo. Ndinalakwitsa ndine, ndinakhota msanga.

Koma apa ndi pamene madandaulo anga akuyambira. Polipira anandiuza kuti ndi masiku 7, maola 4 patsiku. Sanandiuze kuti masiku anayi mwa amenewo tidzakhala ophunzira awiri m'thiraki imodzi, ndiye pa maola 4 aja ine ndinkagwira chiwongolero 2 okha, enawo n'kukhala pabedi lakumbuyo kuonerera mnzanga. Kuonerera kumaphunzitsako, sindikana, koma si zimene ndinkaganiza kuti ndagula. Tsiku lachisanu thiraki inayamba kutaya mpweya, tinakhala maola awiri kudikira makaniko, ndipo nthawi imeneyo anandibwezera nditachita kukumbutsa katatu. Kubwereza mayeso ndiye kunandiwawa kwambiri. Boma limatenga mapaundi 115, koma kuphatikiza kubwereka thiraki ndi maola awiri okonzekera zinafika 420. Mtengo umenewu sunalembedwe paliponse pa pepala limene ndinasaina. Sukulu imene inali yoona mtima chotere pa nkhani ya dokotala inayenera kukhalanso yoona mtima pa izi. Ndinawauza mayi aja maso ndi maso, anavomera kuti pepalalo likufunika kukonzedwa. Inu mukapita kulikonse funsani zinthu zitatu ndipo zilembedwe: maola anga ogwira chiwongolero ndi angati, m'thiraki tidzakhala angati, ndikalephera ndidzalipira zingati.

Ndinadikira milungu itatu kuti mpata upezeke, ulendo wachiwiri ndinakhoza ndi zolakwa 3. Gawo lomaliza la CPC, loonetsa mmene umayenderera thiraki m'mawa, kumanga katundu, kufufuza ngati mwabisala anthu kapena katundu wozembetsa, ndi kugwiritsa ntchito chozimitsira moto, anandikonzekeretsa m'mawa umodzi ndipo masana ndinakhoza. Pamenepo ntchito anaigwira bwino.

Za ntchito, pakhoma la kontena pali chikwangwani chakuti amathandiza kupeza ntchito. Thandizo lake ndi pepala la manambala a ma ajensi 6. Zoona zake n'zakuti makampani ambiri safuna dalaivala watsopano, amati inshuwalansi yawo imafuna wa miyezi 6, ena zaka 2. Ndinayimba mafoni milungu isanu ndikugwirabe keya. Amene ananditenga koyamba anandipatsa Class 2 yogawa zakudya m'mashopu, kukoka makheji olemera pa mvula, msana n'kumandikumbutsa kumene ndachokera. Patatha miyezi 5 ndinapeza ya artic ya usiku, kuchoka ku Trafford Park kutsika ndi msewu waukulu wa M6 kukasiya tirela ku Midlands n'kutengako ina. Sindinyamula kanthu, ndimangolumikiza ndi kumasula. Ndalama zake zimaposa za keya, ngakhale si zimene madobadoba amalonjeza pafoni, ndipo kukhala pampando nthawi yaitali nakonso kumafuna kuti ukatsika uziwongola thupi.

Chimene sukuluyi sinandiphunzitse mokwanira ndi tachograph, makina a m'thiraki olemba maola oyendetsa ndi opuma. Malamulo ndinawaloweza polemba mayeso: maola 9 patsiku, 10 kawiri pa mlungu, kupuma mphindi 45 ukayendetsa maola 4 ndi theka, osapitirira 56 pa mlungu kapena 90 pa milungu iwiri. Koma kulowetsa khadi m'makina n'kulembamo ndi dzanja zimene unachita dzulo, palibe anandionetsa. Usiku wanga woyamba anandithandiza ndi dalaivala wina wa ku Poland pa geti. Ola limodzi lokha pa zimenezi likanakwanira, ndipo ndikanalipira mosanyinyirika.

Munthu akandifunsa ngati apite pa sukuluyi ndimati apite, makamaka ngati ndi wamsinkhu wanga, amene thupi layamba kukhala ndi nkhani zake ndipo akufuna anthu omuuza zoona za dokotala asanatulutse ndalama. Pa nyenyezi 5 ndiwapatsa 4. Imodziyo ndawalanda chifukwa cha maola ogawana aja ndi mtengo wobisika wobwerezera mayeso. Mnzanga wa ku Mulanje uja anapita komweko, koma iye anakambirana nawo kuti akhale yekha m'thiraki masiku onse, anawonjezera mapaundi 300, ndipo anakhoza ulendo woyamba.

Mwezi watha ndinadutsirako kukafunsa za maphunziro a maola 35 amene dalaivala aliyense amayenera kumaliza pa zaka 5 zilizonse, komanso za ADR, satifiketi yonyamulira katundu woopsa, chifukwa ndikulakalaka matanki a mafuta. Mayi aja anandizindikira ndisanatchule dzina. Asanayankhe za ADR anandifunsa kuti BP ili bwanji, ndinawaonetsa kamakina koyezera kamene ndimayenda nako m'chikwama pamodzi ndi mapiritsi ndi pepala la GP. Pepala lolipirira lija analikonza, mtengo wobwereza mayeso tsopano uli pa tsamba loyamba. Maphunziro a ADR akuti ayamba mu February, ndalembetsa.